Lubani wa a Hikichi

A Hikichi Tomosaburo anali munthu amene sanalakwepo chibadwire, anthu inu. Ine Narahara ndinawaphikira maulendo anayi kumalo athu ofufuzira ku Antakitika, dziko la madzi oundana, ndipo ngakhale mpunga wanga womwe, iwo ndi amene ankandiuza kuti wapsa.

Ntchito yawo inali yotsutsa setilaiti. Kumwambaku kumadutsa setilaiti yoyeza timipweya ta mumlengalenga, ndipo pansi pamafunika munthu woyeza mpweya womwewo kuti aone ngati chitsulocho sichikunama. A Hikichi anali ndi kanyumba kawo kofiira, mmene munali makina oyang'ana dzuwa kudzera pa kabowo ka padenga. Anakhalamo zilimwe khumi ndi zinayi. Kumzinda kwawo ku Sendai analibe aliyense chimwalirire akazi awo, mayi Sumie, ndiye kwawo kwenikweni kunali m'kanyumbamo.

Akuluakulu athu a ku Tokyo ankafuna kutseka kanyumbako. Chinkawaletsa n'chimodzi: manambala a mkuluyo a mpweya wa utsi nthawi zonse ankaposa pang'ono a setilaiti.

"Mwaona? Chitsulo chanucho n'chakhungu," ankatero patebulo, akuloza denga ndi timitengo todyera. "Tsiku limene ndidzachoke kuno, mudzakhuta bodza."

Ine ndinkawapititsira chakudya chamasana, ndiye ndinkaona. Setilaiti ikatsala pang'ono kudutsa, ankayatsa timitengo titatu ta lubani patsogolo pa chithunzi cha mayi Sumie, n'kumawafotokozera za tsikulo. Chithunzicho chinali pashelefu, pafupi penipeni ndi pamene kuwala kwa dzuwa kumalowera m'makina. Utsi uli tolotolo! Makina osalakwa aja n'kumawerenga lubani ngati mpweya wa kumwamba.

Ndinakauza a Ogasawara, mayi amene ankayang'anira zoyeza chaka chimenecho.

"Ndikudziwa, a Narahara," anatero akupukuta magalasi. "Aliyense akudziwa. Koma ndi iwo anandiphunzitsa kuyatsa makinawo. Ndiyambire pati? Kawauzeni inuyo."

"Ine? Wophika mpunga akalangize mwini dzuwa? Ayi, zikomo."

Ndi mmene tilili ife. Munthu wamkulu akalakwa, timangowerama kuposa masiku onse. A Ogasawara anayesapo kamodzi, anati, "Bambo, muno mukununkhira bwanji!" A Hikichi anathokoza, mawa lake n'kuyatsa timitengo tinayi.

Ku Tokyo nako kunadzaza anthu amene anaphunzitsidwa ndi iwo omwewo. Atatopa ndi makalata aukali a a Hikichi, anasintha masamu a setilaiti kuti manambala ake azigwirizana ndi a mkuluyo. Uthenga utafika, tinatsegula mowa wa mpunga n'kuwawombera m'manja, aliyense maso ali pansi. Ndinadabwa kuti eniake sanamwe. Kapu inangokhala m'manja.

Patapita milungu itatu kunabwera kalata ina, masamba awiri a kuthokoza kokhakokha. Mzere womaliza unati popeza setilaiti ndi makina apansi tsopano zikugwirizana ndendende, kanyumba kaja sikakufunikanso. Ndinati mumtima, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere m'manja. Komabe zinandiwawa, chifukwa munthuyo analibe kwina kopita.

Tsiku loti akwere sitima yapamadzi ndinapita kukawathandiza kulongedza. Ndinawapeza akukulunga chithunzi m'sikafu. Ndinangoti zivute zitani.

"Bambo, za lubani uja..."

"Mumayesa sindinkadziwa?" anandidula. "Munthu woyeza utsi zaka makumi atatu asadziwe utsi wake? Ndinkangofuna manambala asiyane pang'ono, andisiye ndikhale pano ndi Sumie. Ndinkati tsiku lina wina adzandikalipira, ndidzapepesa, ndidzasuntha shelefu, tiyambirenso kuyeza zaka zina zisanu. Koma inu! Mpaka kukhotetsa setilaiti yabwinobwino chifukwa choopa nkhalamba! Ndinaphunzitsa akatswiri kapena nkhosa?"

Anayang'ana wotchi, kenako kabowo ka padenga. Nthawi inali yomwe ija.

"Iyo ikudutsa," anatero. "Ikunama tsopano, ndipo pansi palibenso woigwira bodza."

Ndinawerama kuposa masiku onse, n'kunyamula katoni yawo.