A Khutu Aimira Uphungu

Lumo anali wometa, koma dzinali sanalipeze chifukwa cha ntchito yakeyo ayi, analipeza chifukwa cha pakamwa. Munthu akakhala pampando wake ankatuluka atametedwa kawiri, tsitsi ndi mbiri yomwe. Ndipo mwa anthu onse amene Lumo ankawaseka, panalibe womukomera kuposa mlamu wake, amuna a achemwali ake, amene tauni yonse inkawatcha kuti a Khutu.

A Khutu anagwira ntchito ku kampani ya madzi zaka pafupifupi makumi atatu. Ntchito yawo inali yopeza pamene paipi yaboola pansi pa nthaka. Chida chawo chinali chimodzi, ndodo yachitsulo yofika pachifuwa, kumutu kwake kuli kamtengo kobulungira. M'mamawa, magalimoto asanachuluke, ankaika nsonga ya ndodoyo pa tara, n'kutsamiritsa khutu pa kamtengoko, maso atatsinzina. Akamva kanthu ankasuntha mapazi khumi n'kumveranso, kenako kachitatu. Sankanena kuti "kumbani apa" asanamvere malo atatu, kaya kapitawo akalipe bwanji, kaya madzi akuonekera pamwamba penipeni. Ankati madzi ndi abodza, amatulukira kutali ndi pamene pali bala. Akalemba mtanda ndi choko, anzawo a mapiki ankangokumba osafunsa, poti galu wamkota sakandira pachabe.

Kulankhula ndiye kunali kowavuta zedi. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi atawapatsa maikolofoni anangoti, "Zikomo nonse," n'kukhala pansi. Nkhani imeneyo Lumo anaidya chaka chathunthu.

Loweruka lina mu shopu ya Lumo munadzaza amuna. Mipope ya mbali yakumtunda ya tauniyo inali itauma sabata yachitatu, koma pa wailesi phungu wa deralo ankadzitama kuti iye anafikitsa madzi pakhomo lililonse. Anthu anang'ung'udza. Lumo, makina ali m'manja, anagogoda mutu umene ankameta.

"Bwanji tingotumiza alamu angawa? Ku nyumba ya malamulo onse ndi olankhula, womvera kulibe. Awa akakhala chete zaka zisanu, dziko lipumeko."

Shopu yonse inafa nalo phwete. A Khutu, nsalu ili m'khosi, sanaseke. Lumo sanadabwe, poti munthuyo sankaseka kawirikawiri.

Patapita milungu itatu a Khutu anatsamiritsa njinga pakhomo la shopuyo, n'kulowa ndi envulopu yaikulu.

"Alamu, ndamvera malo atatu. Kuchipatala, kumsika, ndi ku nyumba za kumtunda. Munanena zoona. Sainani apa."

Anali mapepala oimira uphungu, paokha, opanda chipani. Ndipo poti kampani sinkalola wantchito wake kuchita ndale, ntchito anali atasiya kale dzulo lake, kutangotsala zaka ziwiri kuti apume. Lumo anayesa kunena kuti zinali nthabwala chabe, koma anangotenga cholembera n'kusaina. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Achemwali ake anafika masana omwewo, atavala epuloni ya kumalo ochapira zovala kumene ankasita. Mayi ameneyu ndi amene analera Lumo makolo awo atamwalira, ndi amene anamugulira makina oyamba ometera, ndipo panalibe Lamulungu limene Lumo sankadya pakhomo pawo. Sanakuwe. Analankhula pansipansi, makasitomala onse akumva.

"Iwe, pakamwa pakopo pandichotsera mwamuna ntchito. Zimenezo ndipirira. Koma munthu uja sadziwa kudziteteza. Ukukamuimika pagulu kuti anthu akamuseke mmene umamusekera iwe. Pakhomo panga usapondepo mpaka ndione mathero ake. Ndipo akakamuseka, usadzapondeponso."

Lumo anakhala mkulu wa kampeni chifukwa cha mantha, osati chikhulupiriro. Koma kampeni yakenso, abale! Phungu uja ankayenda ndi malole awiri a zimkuzamawu, akumwaza malaya a nkhope yake. A Khutu ankayenda pa njinga. Akafika pakhomo ankaodira, kukhala pamene apatsidwa, n'kufunsa funso limodzi: "Madzi afika liti kuno?" Kenako zii. Ndiye anthu, posowa chochita ndi kukhala chete koteroko, ankayamba kukhuthula. Ankayambira pa mpope n'kukathera pa mankhwala osowa kuchipatala, pa ana omaliza sukulu amene akungokhala, pa mwamuna wodwala kuchipinda. A Khutu ankamvera, mutu utapendekeka pang'ono, n'kuthokoza, n'kukwera njinga.

"Alamu, lonjezani kanthu!" Lumo ankadandaula ali kumbuyo, wefuwefu. "Lonjezani mlatho. Kaya mtsinje kulibe, lonjezani basi, mtsinjewo tidzaona."

"Sindinamvere za mlatho, alamu."

"Nanga tikawine ndi chiyani? Ndi ulemu?"

Tsiku la mtsutso linafika. Unachitikira mu holo ya sekondale masana, wailesi ikuulutsa. Munadzaza moti ena anakhala m'mawindo. Kutsogolo kunali tebulo lalitali, opikisana anayi, ndi mtolankhani wamayi amene anali ndi kabelu koimitsira munthu mphindi zake zitatu zikatha. A Khutu anavala suti ya pa ukwati uja, manja ake ofupika, zikhatho zawo zokhakhala zili patebulo ngati zida zimene wina waiwala.

Phungu analankhula koyamba, ndipo tisamunamizire, munthuyo ankatha. Mawu ake ankatsetsereka. Anatchula chitukuko kasanu ndi kawiri, anaseketsa anthu, anamaliza belu lisanalire. Ena awiri aja anayesetsa. Kenako mtolankhani anatembenuka.

"Bambo, a phungu akuti madzi anafika pakhomo lililonse m'dera lino. Inu mukuti bwanji?"

A Khutu anatsinzina, n'kupendeketsa mutu.

Panapita kanthawi. Wina anatsokomola. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Agona madala!" ndipo holo yonse inaseka chikhakhali, ngakhale phungu anaphimba pakamwa ndi kampango. Lumo anatembenuka kuti aone wakuwayo, koma amene anawaona pafupi ndi chitseko anali achemwali ake, epuloni ili m'chiuno, manja atapinda. Anadziwa kuti madzi atayika, ndipo sawoleka.

"Msewu wa kuseri kwa chigayo," anatero a Khutu, maso akadali otsinzina. Mawu awo anali otsika, moti oseka aja anayamba kutontholetsana kuti amve. "Paipi yake ndi ya mainchesi atatu. Tinaiika kuli mabanja makumi anayi, pano aposa mazana atatu. Madzi amafika Lachiwiri ndi Lachisanu, ola limodzi, ndipo safika nyumba zisanu ndi imodzi zakumapeto. Mu nyumba yomalizayo muli mayi wosoka amene amuna awo sadzuka. Zofunda amakachapa kwa mnzawo, mtunda wa misewu inayi."

Pakati pa holo mayi wina wochepa thupi anaimirira. Anali wosoka uja.

"Mzere wa nyumba za njanji. Valavu yake inachita dzimbiri, inatsekeka theka. Kumeneko ana amapita kusukulu osasamba masiku atatu pa sabata. Kumsika, mbali ya ogulitsa nyama, mpope ulipo koma paipi yake inadutsa pafupi ndi ngalande ya zonyansa, ndipo nyengo ya mvula madziwo sayenera kumwedwa."

Anthu a nyumba za njanji anaimirira. Ogulitsa nyama anaimirira. A Khutu anapitiriza, msewu ndi msewu, osayang'ana pepala, poti pepala analibe. Ankatchula kukula kwa paipi, chaka chimene inakwiriridwa, pamene inapindikira kuzemba muzu wa mtengo, ndi munthu amene akuvutika kumapeto kwake. Msewu ukatchulidwa eni ake ankaimirira, popanda wowauza. Mphindi zitatu zinatha kalekale. Dzanja la mtolankhani linali pa belu, koma belulo silinalire.

Lumo anali atayamba kupuma. Mumtima ankati, alamu malizirani pomwepa, mwamutha phunguyu, khalani pansi. Koma a Khutu anatsegula maso.

"Thanki ya kumtunda anabweretsa ndi a phunguwa, n'zoona, ndipo ndi thanki yabwino. Yangosowa pampu yokwezera madzi. Koma za msewu wa kuchipatala musawanene iwo. Ndinalakwa ndine."

Lumo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, akapitawo anandifulumizitsa. Ndinamvera malo amodzi okha, ndinati kumbani apa. Panali polakwika. Piki inaswa paipi yaikulu, tinaimanga mothamanga, ndipo mu lipoti tinalemba kuti inaphulika yokha. Mpaka lero imadontha. N'chifukwa chake kuchipatala madzi amatha dzuwa likafika pamutu."

Ndani anamvapo munthu wofuna mavoti akudziulula yekha mlandu umene palibe anamufunsa? Lumo ankafuna nthaka itseguke. Kenako kumanzere kunaimirira namwino wachikulire, wa imvi mutu wonse.

"Tsiku limenelo ine ndinali pantchito," anatero. "Tinabereketsa amayi atatu ndi madzi a m'ndowa. Zaka zonsezi takhala tikulemba makalata, palibe anatiuzapo chimene chinachitika." Anatembenukira kwa a Khutu. "Zikomo, bambo."

Mtolankhani anafunsa motsitsa mawu kuti nanga akulonjeza chiyani. A Khutu anati kulemba malamulo sadziwa, akaphunzira kwa odziwa, koma chimene angathe n'kukanena kumeneko zimene amva kuno, monga mmene zilili. Atatero anakhala pansi.

Panalibe woomba m'manja. Anthu anangokhala chiimire, mazanamazana, ndipo amene anali asanaimirire anayamba kuimirira mmodzimmodzi. Lumo anapezeka kuti nayenso waima, osadziwa kuti waima liti. Anachita mantha, mantha enieni, onga amene munthu amachita akalowa m'nyumba yopemphereramo muli anthu ogwada. Mutu wa mlamu wakewo anali ataumeta zaka makumi awiri, ankaudziwa pamene unaphwatalala ndi pamene unali ndi chipsera, ankaugogoda poseketsa makasitomala. Sanadziwe kuti m'menemo munali tauni yonse, misewu yake, odwala ake, ndi cholakwa chimodzi chimene munthuyo anachisenza yekha osauza ngakhale mkazi wake.

Atatembenukiranso kuchitseko, achemwali ake anali atapita.

Milungu iwiri yotsala chisankho chisanachitike Lumo anayenda ndi mlamu wake mpaka nsapato kutha, koma iye ankathera pa kona ya msewu wa kwa achemwali ake. Kufunsa za achemwaliwo sanayerekeze, ndipo a Khutu si munthu woyambitsa nkhani. Chimene Lumo ankadziwa n'chakuti anthu anasekadi, holo yonse, achemwali ake ali pomwepo.

Zotsatira zinalengezedwa Lachinayi masana pa wailesi ya mu shopu. A Khutu anapambana ndi mavoti ochepa kwambiri, moti wolengezayo anabwereza kawiri. Msewu wonse unasokonekera. Amayi analuluta, oyendetsa maminibasi analiza mahutala, anzawo a mapiki anafika ndi maovolosi awo amatope akuvina ngati ana. Anthu anamunyamula Lumo m'mwamba namuzungulitsa, iye akuseka ndi mano okha. Lamulungu limenelo anadya yekha kuseri kwa shopu, mbale ili pamiyendo.

Lolemba m'mawa, ali mkati mometa dalaivala wina wa lole, pakhomo panaima munthu. Lumo anamuonera m'galasi, n'kuzimitsa makina.

"Achemwali."

Iwo sanalowe. Anayang'ana tsitsi limene linali pansi, anayang'ana mipando, ngati abwera kudzaona ukhondo.

"Anawaseka," anatero Lumo, poti anaona kuti ndi bwino alinene yekha. "Ndikudziwa kuti munamva."

"Ndinamva. Anthu aja anaseka mphindi imodzi n'kusiya. Iwe unaseka zaka makumi awiri. Koma ine ndiye woipitsitsa, mlongo wanga. Ine sindinkaseka, ndinkamumvera chisoni. Munthu ndagona naye nyumba imodzi moyo wanga wonse, ndimvekere sangathe, amupweteka. Ndinachoka mu holo muja chifukwa cha manyazi anga, osati ake."

Achemwali ake anapukuta m'maso ndi ngodya ya epuloni, mwaukali, ngati misoziyo yawalakwira.

"Mawa alamu ako akupita kukalumbira. Tsitsi lija silingapite choncho. Tenga makina akowo ukamumetere kunyumba."

"Kunyumba?"

"Wagontha? Ndati kunyumba. Imvi usachotse zonse."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda, osayang'ana m'mbuyo. Lumo anaima pakati pa shopu, makina ali m'manja, misozi ikutsikira pa nsalu ya kasitomala. Dalaivala uja anadziyang'ana m'galasi, mutu wometedwa mbali imodzi, kenako anayang'ana wometayo.

"Pitani, achimwene," anatero. "Ine ndidikira."