Laputopu ya ku Joni

Laputopu imene ndinalembera pulogalamu yanga yoyamba inachokera ku Joni, m'chikwama cha alamu anga, itakulungidwa m'bulangeti. Loji ina ku Nkopola inkafuna munthu wa makompyuta, ndipo bwana wake anati Lolemba ndikamuonetse pulogalamu yosungitsira zipinda. Ikayenda, ntchito ndi yanga. Ndinali nditatopa nako kugulitsa mayunitsi padepoti.

Kulemba ndinamaliza bwinobwino. Vuto linali kompaila, chida chimene chimasandutsa zolembazo kukhala pulogalamu yoyenda. Inapangidwira sisitimu ina, osati ya pa laputopu yangayo. Akatswiri akunja anakonza kamkhalapakati konamiza kompailayo kuti ili kwawo. Kankanamadi, koma bodza lake linali loperewera. Kompaila inkatseguka, n'kundilonjera mwaulemu, koma ndikati igwire ntchito inkafunsa kafayilo kena kamene mkhalapakatiyo sanamvepo chibadwire.

Ndinakadandaula pa intaneti. Katswiri wina anayankha kuti kwa iye zikuyenda. Ndinamusangalalira kwambiri bamboyo. Wina anati ndikonze ndekha ndiwatumizire, poti n'zaulere. Wachitatu anangotseka nkhaniyo, ati palibe amene amagwiritsa ntchito zimenezi. Ine ndili pakhonde ku Mangochi, thukuta lili kamukamu, ndikuwerenga kuti ine kulibe.

Alamu ankandimva ndikutukwana makinawo, ndipo zinkawapweteka. Kwathu kuno mphatso ya ku Joni siinyozedwa anthu akumva. Loweruka ndinapita kumaliro ku Malindi. Pobwerako ndinawapeza akumwetulira.

"Alamu, musavutikenso," anatero. "Ndinapita nayo kumsika kwa wokonza mafoni uja. Waifulasha yonse. Walahi, yayera ngati yatsopano."

Kumsika kwathu mankhwala ndi amodzi. Foni ikazima, kufulasha. Ikagwera m'nyanja, kufulasha. Munthu utapita ndi dzino lobooka, angakufufute mutu wonse n'kuikamo wina.

"Nanga mafayilo anga?"

"Akuti munadzaza tizinthu tosadziwika, n'timene timailemetsa. Wachotsa tonse."

Kwina kumene ndinasunga kunalibe. Ndinaiyatsa. Wokonza mafoniyo anaikamo sisitimu yomwe ija kompaila inkalirira, kuphatikizapo nyimbo zambirimbiri za basera. Kompaila inalowa osatsokomola n'komwe, n'kukhala chete kudikira zolemba zoti isandutse. Mtima unandiwawa koopsa, misozi ili lengelenge.

Alamu anali chiimire pakhomo, manja kumbuyo, kudikira zikomo wawo. Ndinawathokoza ndi manja awiri. Lolemba m'mawa ndinatenga kampando kanga n'kubwerera kudepoti.