Mbewu ya pa utsi

Amuna anga anatisiya Lolemba masana, dzuwa lili paliwombo. Anagwera m'munda akubzala chimanga kachiwiri, poti choyamba chinali chitapserera. Tinaika Lachitatu.

Tsikulo ndinadzuka kusanache. Amayi amene anagona nane m'nyumba anali atatopa ndi nyimbo, ena akusinza chokhala. Ndinatuluka kukayang'ana phiri. Pamwamba pake panakhala mtambo wakuda.

Pamene ndinkakwatiwa kuno, mtambo ukakhala choncho tinkati phiri lavala chipewa, ndipo aliyense ankatulutsa mbewu. Silinkanama. Mtsinje wochokera kumeneko tinkachapamo chaka chonse. Zaka zino limavala chipewa nkuchivula, mvula nkupita ku Zambia. Chaka china imabwera yonse pakamodzi, nkukokolola mizere.

Dzuwa litakwera anthu anachuluka, a panjinga ochokera ku Mkanda, ena a tsidya la malire. Ambiri anabwera chimanjamanja. Sindinawadandaule, nkhokwe zathu tonse nzofanana. Ufa umene anasonkha unatha adzukulu, okumba manda aja, asanadye. Iwo anatumiza mawu akuti nthaka yauma ngati m'chilimwe, khasu likungodumpha, tiwapatse madzi othira m'dzenje. Uwu unali mwezi wa Khirisimasi.

Kenaka alamu anga aakazi anagwada pafupi nane. Ananena motsitsa kuti aona chimanga cha makolo chimene achimwene awo anapachika pa utsi m'khitchini, ndipo njinga yopita kuchigayo ilipo. Ndinawauza kuti imeneyo ndi mbewu yotsiriza.

“Ndikudziwa, mlamu,” anatero. “Koma anthu akumba ndi njala. Mawa adzakumbira ndani pakhomo pano?”

Ndinayang'ana cha kukhitchini. Kenaka ndinati achitsitse. Amayi akutonola, ndinatapako manja awiri nkumanga pansonga ya chitenje. Mayi wina anandiona, nayang'ana kumbali.

Tinanyamuka masana. Tili m'njira kunagunda, mphepo inadzutsa fumbi mpaka oyimba anasiya nyimbo. Ndinaona abambo onyamula bokosi akubera kuyang'ana kumwamba. Kumanda kunagwa timadontho pa bokosi, toti nkuwerenga, kenaka kunayera. Dothi limene anakwirira linali lofiira, louma kuyambira pamwamba mpaka pansi. M'busa anapempherera malemu pang'ono, mvula nthawi yaitali.

Madzulo anthu anabalalika msanga. Panatsala mafuwa, phulusa ndi zitsononkho mulu. M'khitchini chingwe chinkalendewera chokha. Ana anagona osafunsa kanthu.

Mbewu ija ili mu kapu, pansi pa bedi. Phiri lavalanso chipewa kawiri chiikireni maliro, anzanga ena abzala. Ine m'mawa uliwonse ndimapita nayo kumunda, ndimalowetsa chala m'nthaka, nkubwerera nayo mbewuyo kunyumba.