Khadi la chipani lija, achimwene

Lero ndinapita kukavota, achimwene, ndipo ndili pamzere ndinakukumbukirani. M'ma 1970, titangolandira unzika wa Canada, tinakavota koyamba pasukulu ina ku Scarborough. Inu munatenga khadi la chipani lakwathu lija, loti popanda ilo munthu sankalowa mumsika. Mayi wapatebulo anangofunsa dzina ndi adiresi basi. Munatuluka movotera thukuta lili kamukamu, n'kundinong'oneza kuti, "Mlongo, zipani n'zambiri papepalapo. Ngati ndasankha cholakwika, andipeza?"

Ndinakusekani. Amene munamuvotera analuza, ndipo sabata yonse munkadzidzimuka munthu akagogoda pachitseko. Palibe anabwera kudzakutengani. Kuyambira pamenepo simunajombepo pachisankho mpaka pamene munatisiya. Khadi lija ndikulisungabe. Lero palibe anandifunsa za khadilo.