Chitsulo chimene ndinathamangira kukatola

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene aphunzitsi a Makwinja anandipezerera ndikugenda mango kuseri kwa sukulu yathu, chakufupi ndi Mikolongwe. Ndinkayesa andikwapula. Iwo anangoyang'ana mkono wanga n'kunena kuti, "Iwe Esinati, mphamvu zonsezi ukuthera pa mango osapsa? Mawa ubwere pabwalo."

Ndi mmene ndinayambira shotiputi, masewera oponya chitsulo chobulungira. Chitsulocho pasukulu pathu panalibe, choncho tinkagwiritsa ntchito mwala wakumtsinje, waukulu ngati papaya wamng'ono. A Makwinja ankajambula mzere wozungulira ndi phulusa n'kundiimika m'kati. Ankati chinthuchi sagenda, amachikankha. Mwala unkakhala pa zala, wotsamira khosi pansi pa chibwano, chigongono m'mwamba. Ndinkapinda bondo lamanja, mphamvu n'kuyambira m'miyendo, kudutsa m'chiuno, mkono n'kumalizitsa chabe. Ndikaponya ankandiyang'ana m'khosi, akapeza mulibe dothi ankadziwa kuti ndagenda. Kenaka ndinkathamanga kukatola mwala wanga, tsiku ndi tsiku.

Amayi sizinawasangalatse. Ankati masewerawo andiumitsa thupi ngati mwamuna, komanso mpiru wakudimba ukufota chifukwa wothirira ali kubwalo. Aphunzitsi anachita kubwera kunyumba pa njinga kudzawapempha. Anagwirizana chimodzi: ndikapanda kukhala m'gulu la atatu oyamba pa mpikisano wa sukulu za m'dera lathu, masewera athere pomwepo. Ine ndinali nditawakonda kale masewerawo, ndipo mawu amenewa anandikhala pamtima.

Tsiku la mpikisano ndinagwira chitsulo chenicheni koyamba. Chinali chozizira, choterera, cholemera kuposa maonekedwe ake. Woyeza mtunda anali bambo wachikulire wa imvi, woyenda motsimphina, tepi ili m'manja. Aliyense ankaponya katatu.

Ulendo woyamba mantha anandigwira, dzanja linachoka pakhosi, ndinagenda ngati ndili pansi pa mtengo wa mango. Woyeza uja anaukana. Ulendo wachiwiri zonse zinayenda bwino. Chitsulo chinakagwa patsogolo pa timitengo tonse tosonyeza pamene anzanga analekezera. Ndiye ndinaona bambo aja akutsimphina kupita komweko, akuyamba kuwerama. Kwathu mwana saonerera wamkulu akuwerama kutola kanthu. Miyendo inanyamuka yokha. Ndinawapitirira, ndinatola chitsulo, n'kugwada kuwapatsa ndi manja awiri.

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Bambowo sanaseke. "Zikomo mwanawe, unaleredwa bwino," anatero. "Koma watulukira kutsogolo kwa mzere. Wadzifufutira wekha."

Ndinamva ngati nthaka ing'ambike ndilowemo. A Makwinja anandikokera pambali, thukuta lili kamukamu.

"Wolakwa ndine, sindinakuuze lamulo limeneli," anatero. "Ukaponya uime nji. Uwerenge mpaka katatu, utulukire kumbuyo. Kuwerama ndi ntchito yawo agogowo."

"Nanga amayi akamva kuti ndinangoima, akuluakulu akuwerama?"

"Umenewo ndi mlandu wanga, ndikayankha ndekha."

Unatsala ulendo umodzi. Ndinatsamiritsa chitsulo pakhosi mpaka chinandipweteka, ndinapinda bondo, n'kukankha ndi thupi lonse. Sichinafike pamene chinafika poyamba paja, koma chinapita ndithu. Chovuta chinabwera pambuyo pake. Bambo aja anayambanso kutsimphina, ine ndili chiimire, manja nditawagwira kumbuyo kuti asandinyenge. Manyazi anandiotcha nkhope. Ndinawerenga chamumtima, ndinatembenuka, n'kutulukira kumbuyo ngati mwana wopanda mwambo.

Anatambasula tepi, anayang'anitsitsa, anauza wolemba. Atalengeza kuti ndine wachiwiri, ndinakhala pansi pa udzu, ndikulira uku ndikuseka, mtima utatsika ngati ndatula mtolo wa nkhuni. A Makwinja anavula chipewa n'kudzipepesera nacho. Madzulo amayi atamva zonse anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti kudimba azipita okha Lachiwiri ndi Lachinayi.

Mpaka lero ndikaona wamkulu akuwerama miyendo imandiyabwa, ndipo sindikufuna kuti chizolowezi chimenechi chindichoke. Koma ndinazindikira mochedwa kuti bambo aja sankawerama kuti atole chitsulo. Ankafuna kuona pamene chagwera, kuti ayeze ntchito yanga. Ulemu wanga unawalanda ntchito yawo, ine n'kutsala pang'ono kutaya masewera anga. Masiku ano ndisanathamangire kuthandiza munthu, ndimayamba ndaima kaye kuti ndione chimene akuweramira.