Tsiku limene ndinakalipira bambo anga pamtsinje wa Lilongwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi chaka chimene ndinasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko ku Lilongwe. Kwathu, m'mapiri a kufupi ndi Mvera, anthu anabwera kudzandigwira chanza, amayi anaimba nthungululu, koma bambo anangoti, "Tiona." Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo akati tiona, nthawi zambiri nkhaniyo inkakhala kuti yafa kale. Pafupi ndi kwathu panali sekondale yoyendera, ndipo ndinkadziwa kuti akakana, ndikathera kumeneko.

Chifukwa chake sananene, ine sindinafunse. Pakhomo pathu mwana ankalankhula ndi bambo atagwada, maso ali pansi, mawu otsika moti nkhuku ikatetera pabwalo ankasowa. Amayi anangondinong'oneza kuti, "Bambo ako akukuyang'ana, mwana'nga." Ine ndinamva kuti akuyesa khalidwe langa. Choncho ndinawonjeza ulemu pa ulemu. Ndinkagwada ndikadali pakhomo, madzi osamba ndinkapereka asanaitanitse, ndipo mawu anga anatsika mpaka amayi omwe anayamba kundifunsa kawiri.

M'tchuthi chomwecho achinyamata a kumpingo kwathu anakonza ulendo wokacheza ndi anzathu a mpingo wina wa mumzinda wa Lilongwe. Ulendo wokhala ndi atsikana sunkanyamuka popanda mkulu wa mpingo, ndiye bambo anadzipereka. Anavala jekete yawo ya Lamulungu, tayi, ndi nsapato zimene ndinazipukuta ndekha. M'mawa tinaimba ndi kupemphera, ndipo titadya, otilandirawo anati atikonzera chosangalatsa. Anatitengera pamalo ena m'mbali mwa mtsinje pomwe ankabwereketsa timabwato tapulasitiki, tating'ono ndi tosongoka, tokwera anthu awiri.

Tiyenera kunena zoona: ife a kumapiri madzi timawadziwa a m'ndowa. Timitsinje takwathu timawoloka podumpha miyala, ndipo tikasefukira timangodikira kutsidya kuti tiphwe. M'gulu lathu lonse munalibe amene anakwerapo bwato kapena wodziwa kusambira. Mtsinjewo unali wofiirira, wonunkhira matope ndi sopo. M'mabango munakodwa majumbo, kutsidya azimayi ankachapa, ndipo chapatali magalimoto ankamveka akudutsa pamlatho.

Mwini wa timabwatoto anatipatsa majekete oyandamitsa ndi nkhafi, ndodo yopalasira yokhala ndi chipande uku ndi uku. Anatiuza zinthu ziwiri. Wokhala kutsogolo ndiye amaona njira, aziuza wakumbuyo kokhotera. Ndipo kaya zivute bwanji, munthu asaimirire m'bwato. Pamene ankanena zimenezi, bambo anali atawerama akuvula nsapato ndi kuzibisa pansi pa mtengo. Komanso iwo pamsonkhano anazolowera kukhala olankhula, osati omvetsera.

Anthu atayamba kusankhana awiriawiri, aliyense anapeza mnzake mwamsanga kuti asagwe m'manja mwa mkulu wa mpingo. Ndinatsala ine. Anandikhazika kutsogolo, bambo kumbuyo, jekete yoyandamitsa ili pamwamba pa jekete ya Lamulungu, tayi ikusuzumira pakhosi.

Zimene zinachitika poyamba zinaseketsa ngakhale azimayi ochapa aja. Anzathu a m'tauni ankangokhudza madzi uku ndi uku, bwato n'kumapita. Ife nkhafi tinaigwira ngati khasu. Tinkaimiza mwamphamvu mbali imodzi n'kuponyera madzi kumbuyo monga tikuunga mizere, ndipo timabwato tathu tinkangozungulira pamalo amodzi. Bambo anali munthu wamphamvu, wolima fodya, choncho lathu silinazungulire nthawi yaitali. Linanyamuka mokhotakhota, kusiya anzathu onse m'mbuyo, kulowera kumene madzi ankathamanga.

Kutsogolo kwathu kunali mtengo wogwera m'madzi, nthambi zake zitatuluka pamwamba. Ine ndinauona bwinobwino. Bambo sakanauona chifukwa cha msana wanga, komanso maso awo anali pa ntchito ya nkhafi. Apa ndi pamene ndinasowa chochita. M'bwato simugwadika, ndipo kutembenuka ndinkaopa. Ndinayeza mawu m'mutu kuti asamveke ngati ndikuwalamula, kenaka ndinati chapansipansi, "Ababa, kapena tikanakhotera chakumanzereku." Mawuwo anapita kutsogolo ndi mphepo. Ndinabwereza, mwaulemu womwewo. Bambo anangopitiriza kulima.

Tinaugunda. Bwato linapingasa, linapendekeka, madzi ozizira anayamba kulowa m'miyendo mwanga. Ndinamva kumbuyo kukugwedezeka, ndipo nditacheuka ndinaona bambo akudzuka. Ankachita zimene mwamuna aliyense wakwathu amachita ngolo ikapendekeka pamtsetse: kuimirira kuti adumphe. Bondo limodzi linali litawongoka kale, ndipo bwato linkatsatira thupi lawo.

"Khalani pansi!"

Mawuwo sindinawasankhe. Anali mawu amene ndinkapirikitsira mbuzi za eni zikalowa m'dimba, amene bambo anali asanawamvepo. Anaima choncho, atakweza nkhafi.

"Ndati khalani pansi! Mutimiza! Nkhafi kumanja, kankhani mtengowo! Osati choncho, kankhani!"

Anakhala. Anakankha. Ndinapitiriza kukuwa, kumanzere, kumanja, pang'onopang'ono, mpaka bwato linachoka panthambi n'kulunjika kumtunda. Pofika, mwini timabwato anali atatiyandikira kale ndi lake, ndipo mtsinje wonse unali zii. Achinyamata a mipingo iwiri anali atamva mwana akuzazira mkulu wa mpingo. Mnyamata wina anayamba kuseka, mnzake anamugunda ndi chigongono.

Bambo anatsika, anafinya miyendo ya buluku, anavala nsapato zawo. Sanandiyang'ane. M'minibasi pobwerera anthu anayesa kuyambitsa nyimbo koma sinagwire. Ine ndinakhala pawindo ndikuyang'ana mapiri akuyandikira, ndili ndi mantha komanso chisoni. Sindinalire. Ndinangoyamba kuwerengera mumtima njira yopita kusekondale yoyendera ija, kuti m'dzinja ndizidzadutsa pati.

M'mawa mwake ndinkasesa pabwalo, bambo ali pakhonde akukhomera khasu mumpini. Amayi anali atamva kale zonse kwa anthu, ndipo ankayenda mosamala ngati m'nyumba muli wodwala. Bambo anawaitana osadzutsa mutu.

"ANabanda, mwanayu mumufunire sutikesi."

Amayi anaima ndi beseni m'manja.

"Ine ndimati alibe pakamwa," anatero bambo. "Ndimati kutauni akangomuponda, iye n'kumathokoza. Koma mawu ali nawo. Dzulo ndawamva ndekha."

Anathera pomwepo, n'kupitiriza kukhoma khasu lawo. Za m'bwato sanazitchulenso, ndipo bwato sanakwerenso mpaka lero. Sukulu itatsegulidwa anandiperekeza okha, atanyamula sutikesi paphewa.

Panapita zaka ndisanamvetse bwino zimene zinachitika. Milungu yonse imene ndinkatsitsa mawu kuti ndiwasangalatse, ndinkawatsimikizira chimene ankachiopacho. Iwo anandilera kuti ndizikhala chete, kenaka n'kuchita mantha ndi chete yemweyo, ndipo sindikhulupirira kuti anaona kuti ziwirizi n'zogwirizana. Sindiwaimba mlandu, nawonso analeredwa choncho. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti munthu amene waona mtengo kutsogolo n'kulankhula motsika kuti asakhumudwitse wamkulu, sanamulemekeze. Wangomusiya kuti agunde.

Pano ndimakhala ku Lilongwe, ndipo pamlatho uja ndimadutsapo popita kuntchito. Ndikapita kumudzi ndimagwadabe popereka moni kwa bambo, ndipo sindiona chovuta. Akalamba tsopano, ali ndi matenda othamanga magazi, ndipo nthawi zina amakana mankhwala, amati atopa nawo. Abusa amayesa, achimwene anga amayesa, zimakanika. Zikafika pamenepo amayi amandiimbira foni.

"Bwera, mwana'nga," amatero. "Udzawalankhule ndi mawu a m'bwato aja."