Tsiku limene ndinataya madzi a bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mapazi a bambo anga anayamba kuwaotcha. Tinkakhala pa Jenda, pomwe iwo, atachoka kwathu ku Ntchisi, ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu. Makina awo anali opalasa ndi mapazi, choncho matendawo anagwira penipeni pomwe tinkadyera. Ankati kumapazi kumamveka ngati aponda makala, nthawi zina ngati wina akuwabaya ndi masingano.

Mayi anayesa zonse zimene anthu ankanena. Ankawaviika mapazi m'madzi ozizira, kuwasisita ndi mafuta ophikira, kuwakulunga ndi nsalu yonyowa. Motowo unkazirala pang'ono, kenako n'kubwereranso. Bambo, omwe kale anali anthabwala, anasanduka munthu wosachedwa kupsa mtima, moti ana tinkayenda monyang'ama m'nyumba.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira, mayi ali kuchigayo, kunabwera a NyaJere, oyandikana nafe omwe ankagulitsa tomato. Anabweretsa masamba a bulugama, n'kunena kuti moto umazima ndi moto unzake: ndiwawiritse, bambo aviike mapazi madziwo akadali otentha.

"Amathandiza chomene, mbwenu mawa musoka bwinobwino," anauza bambo akuchoka, mosakaniza ndi Chitumbuka.

Ndinawiritsa masambawo n'kuthira m'beseni. Pamene ndinkabwera ndi madzi ozizira oti ndisakanize, ndinapeza bambo atalowetsa kale mapazi. Nthunzi inkafuka, koma nkhope yawo inali phee. Ndinaviika chala n'kuchichotsa msanga chikuwawa. Nditawauza kuti madziwo akuotcha, anati ndi ofunda chabe, ndipo ndiwonjezere otsala mumphika.

Sindinasunthe. Anabwereza mawu atakwera, ndipo kwathu mwana sankauzidwa kawiri. Ndinagwada, ndinagwira beseni lija n'kulikoka mwamphamvu. Madzi onse anatayikira pansi.

Bambo anadzambatuka dzanja lili m'mwamba. Ndinatsinzina kudikira mbama, koma sinafike. Nditatsegula maso ndinawaona akuyang'ana pansi. Khungu la phazi lamanzere linali litatukusira, matuza atayamba kutuluka. Anakhala pansi, nakhudza thuza limodzi ndi chala.

"Mwanawe, sindikumva kanthu," anatero motsitsa mawu.

M'mawa mwake kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga, omwe anali atawononga mitsempha ya kumapazi. Namwino anafotokoza kuti mapazi otero amaotcha m'kati pomwe kunja kwake sakumva, ndipo munthu angathe kupsa osadziwa mpaka kudulidwa phazi. Zilondazo zinachedwa kupola, ndipo ambiri anakasoketsa yunifolomu za ana awo kwina, koma phazi linapulumuka.

Kuyambira pamenepo madzi a bambo ankakhala ofunda pang'ono, ndipo wina ankayamba wawayesa ndi chigongono. Tinkawapukuta pakati pa zala, kuwasisita mofatsa, n'kumayang'ana tsiku lililonse ngati pali bala. Sankapondanso pansi opanda nsapato. A NyaJere anabwera kudzapepesa misozi ili m'maso, bambo n'kuwauza kuti palibe mlandu, ankafuna kuthandiza.

Za dzanja lija ine ndi bambo sitinakambiranepo mpaka anamwalira. Panopa ndikumvetsa kuti munthu amene ululu wamutopetsa amavomera chilichonse chimene wauzidwa kuti chimuchiza. Womusamalira ndiye ayenera kumva m'malo mwake, ndipo nthawi zina kumukaniza, ngakhale wodwalayo akhale kholo lake lomubereka.